Kodi bambo anga angaukwanitse ulendo wa pa mtsinje wa Kinabatangan?

Nachisale wa ku Serdang analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munafikako ku Sabah, chigawo cha Malaysia cha pa chilumba cha Borneo, makamaka ku mtsinje wa Kinabatangan.

Ndikumaliza maphunziro kuno ku Malaysia, ndipo bambo anga akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzandiona ndikulandira digiri. Iwo anali mphunzitsi wa jogalafe ku sekondale mpaka kupuma ntchito. Zaka zonsezo akhala akujambula pa bolodi nkhalango za mvula yambiri, mitengo yosanjikizana misinkhu, mitsinje yokhotakhota yosiya mathamanda m'mbali, koma ndi maso awo sanazionepo. Nditawafunsa kuti ndidzawatengere kuti, sanatchule nsanja za Petronas kapena masitolo a ku Bukit Bintang. Anangoti, "Mwanawe, ndikaone nkhalango yeniyeni." Mawu amenewa andikhala pamtima, ndipo ndikufuna ndiwachitire bwino.

Ndaona kuti maloji a ku Sukau ndi ku Bilit, midzi ya m'mbali mwa mtsinjewu, amagulitsa ulendo wonse pamodzi: galimoto yokutengani ku Sandakan, chipinda, chakudya, boti ndi wokutsogolerani. Pali wa usiku umodzi ndi wa mausiku awiri, ndipo thumba langa ndi la mwana wa sukulu. Kodi wa usiku umodzi ndi wokwanira? Chachiwiri, bambo bondo lakumanja limawavuta, amayenda ndithu koma pang'onopang'ono, ndipo masitepe ataliatali amawalemera. Kodi kumeneko kumafunika kuyenda kwambiri? Nanga malungo? Komanso mundiuze chilungamo: orangutan, nyani wamkulu wa ubweya wofiira uja, timuonadi, kapena ndi zithunzi za otsatsa malonda chabe? Sindikufuna kuwalonjeza chinthu chimene sichikaoneka.

Mbewe wa ku Cyberjaya anayankha:

Achemwali, zabwino zonse pa digiriyo. Ine ndinagonako ku Sukau, ndiye ndikuuzani monga ndinaonera.

Wa usiku umodzi musatenge. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, koma taonani mmene nthawi imathera. Ndege yochoka ku Kuala Lumpur kukafika ku Sandakan imatenga pafupifupi maola atatu. Kuchoka ku Sandakan kukafika ku Sukau pa galimoto ndi maola awiri kapena kuposerapo. Mukafika mwatopa, mumadya nkhomaliro, cha m'ma 4 koloko mumakwera boti, mumabwerako kukuda. M'mawa mwake cha m'ma 6 koloko mumakweranso, mukabwerako mumamwa tiyi, basi katundu m'galimoto. Ikangogwa mvula yamphamvu madzulo oyambawo, theka la ulendo lapita, ndipo kumeneko mvula siipempha chilolezo. Mausiku awiri amakupatsani tsiku lathunthu pakati, lopanda kulongedza zikwama, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe munthu amayamba kuona zinthu. Maso amafuna kuzolowera. Pa boti loyamba wotitsogolera ankaloza mumtengo n'kunena kuti uyo ali apo, ine ndikungoona masamba okhaokha. Pofika tsiku lotsatira ndinkayamba ndine kuona nthambi ikugwedezeka mosiyana ndi zinzake.

Ngati mukufuna kupulumutsa ndalama, chepetsani pa chipinda, osati pa masiku. Nyama zimene amaona ogona m'chipinda chodula ndi zomwezo zimene amaona ogona m'chipinda cha fani yokha. Mtsinje ndi umodzi.

Za bondo la bambo, mtima ukhale m'malo. Ulendowu ndi wokhala pansi. Mabotiwo ndi otseguka pamwamba, a injini kumbuyo, okhala ndi mabenchi kapena mipando, ndipo mumavala jekete yoyandamitsa. Povuta ndi potsika ndi pokwera basi. Madzi a mtsinjewu amakwera ndi kutsika, ndiye akatsika, kuchoka pa doko la matabwa kukaponda m'boti pamakhala patali, ndiponso matabwa amaterera ndi chinyontho. Muwalembere a pa lojiyo musanalipire, muwafunse kuti pa doko pawo pali chogwirira kapena ayi, ndipo mupemphe chipinda chapafupi ndi podyera. Maloji ambiri anamangidwa pa mizati chifukwa cha madzi osefukira, zipinda n'zolumikizidwa ndi tinjira ta matabwa, ndipo chipinda chakumapeto chimatha kukhala kutali ndithu. Kuyenda kwa usiku m'nkhalango ndi matochi, bambo akusiye. Ndi matope, mizu ndi mdima. M'malo mwake mufunse ngati ali ndi boti la usiku. Pamenepo mumaona akadzidzi, maso a ng'ona akuwala m'madzi, ndi mbalame zogwira nsomba zitagona pa nthambi, zosasuntha ngakhale muziyandikire.

Chimodzi chokha muwakonzekeretse. Ngati anakwerapo boti pa Shire ku Liwonde, kumene njovu ndi mvuu zimangoonekera poyera m'dambo, asayembekezere zotero. Ku Kinabatangan kulibe mvuu, madzi ndi ofiirira ndi matope, ndipo mbali zonse ziwiri ndi khoma la masamba. Nyama zimakhala m'mwamba, khosi limachita kuwawa. Mubwereke magalasi oonera patali, aliyense akhale ndi ake. Popanda amenewo orangutan amangokhala kadontho kofiira pamwamba pa mtengo.

Chomwe ndingakulonjezeni ndi anyani a mphuno zazikulu aja, a proboscis. Amapezeka pa chilumba cha Borneo pokha, ndipo madzulo aliwonse amabwera kudzagona m'mitengo ya m'mphepete mwa madzi, ndiye boti la madzulo limawapeza. Yaimuna mphuno imalendewera mpaka pakamwa, mimba ili tolotolo chifukwa amadya masamba ambiri ndipo m'mimba mwawo muli zigawo zogayira masambawo. Mu kamtsinje ka Menanggul, kamene kamathira mu Kinabatangan pafupi ndi Sukau, tinawaona akudumpha kuchoka mumtengo kugwera m'madzi, phava, n'kusambira mofulumira kuwolokera tsidya lina. Wotitsogolera anati amasankha popapatiza chifukwa cha ng'ona. Mbalame za milomo ikuluikulu zotchedwa hornbill, zachibale ndi nang'omba, ziliko mitundu 8, ndipo ina mumayamba kumva mapiko ake isanaoneke.

Orangutan ndi nkhani ina. Amakhala yekhayekha, sachita phokoso, ndipo amatsata kumene kwapsa zipatso, makamaka nkhuyu. Ife tinaona wamkazi ali ndi mwana, patali, akuthyola nthambi kumanga chisa chogonamo, poti amamanga chatsopano pafupifupi usiku uliwonse. Anthu a boti lina a pa loji yomweyo sanamuone n'komwe. Ndiye musalonjeze. Koma pali njira: pobwera kapena pobwerera muime ku Sepilok, pafupi ndi Sandakan, kumene kuyambira 1964 amalera ana a orangutan amasiye n'kuwaphunzitsa kubwerera kutchire. Amaika chakudya pa nsanja 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, ndipo njira yake ndi ya matabwa. Moyang'anizana napo pali malo osungira zimbalangondo zing'onozing'ono za ku Borneo. Maloji ambiri amaphatikiza Sepilok mu ulendo wawo, mungofunsa.

Pasipoti musaiwale. Sabah ali ndi ofesi yakeyake yoona zolowa ndi kutuluka kuyambira pamene analowa mu Malaysia mu 1963, ndiye ngakhale mukuchokera ku Kuala Lumpur amakudindani pa bwalo la ndege.

Mayi a Tadala, ku Leeds, anayankha:

Mwana wanga Nachisale, ine ndine namwino, ndipo ndinapitako ndi bambo a kunyumba kwathu. Za boti a Mbewe anena kale, ine ndingoyankha za malungo, chifukwa Amalawife timawapeputsa. Timati tinakula nawo.

Malungo a ku Sabah ambiri si a mtundu umene tinazolowera kwathu. Amayamba ndi kachilombo kotchedwa Plasmodium knowlesi, kamene kamakhala mwa apusi a m'nkhalango otchedwa macaque, omwe mukawaone ambirimbiri m'mbali mwa mtsinje ngakhale padenga la loji. Udzudzu ukaluma pusi n'kudzaluma munthu, ndi pomwe matenda amadutsa. Kachilomboka kamachulukana m'magazi maola 24 aliwonse, pamene falciparum wakwathu amatenga pafupifupi maola 48, ndiye munthu amatha kufooka msangamsanga, makamaka wachikulire. Komanso tizipangizo toyezera mwachangu pa chala tija nthawi zina sitikagwira bwino. Bambo akadzamva kutentha thupi ali komweko, kapena atabwerera ku Ntcheu m'milungu yotsatira, akanene kuchipatala momveka kuti anali m'nkhalango ya ku Borneo, ndipo ngati kachipangizo kasonyeza kuti alibe malungo koma thupi likutenthabe, apemphe kuti magazi awaone pa maikulosikopu. Iwenso chimodzimodzi. Wakhala kunja nthawi, thupi lako silikulimbananso ndi malungo ngati kale.

Udzudzu wake umaluma panja, chakumadzulo, nthawi yomweyo imene muli pa boti kapena mwakhala pakhonde. Neti yokha siikwanira. Malaya a manja aatali, buluku lalitali, sokosi, ndi mankhwala opaka okhala ndi DEET. Masana kulinso udzudzu wa dengue. Za mapiritsi oteteza, pitani kwa dokotala musananyamuke, mumuonetse mankhwala onse amene bambo amamwa, a bondo ngakhale a BP ngati alipo, asankhe yekha oyenera.

Kutentha kwake n'kwa chinyezi, thukuta silimauma. Akuluakulu athu sakonda kumwa madzi pafupipafupi, ndiye uziwapatsa botolo m'manja, usadikire kuti apemphe. Misundu iliko m'tinjira ta m'nkhalango, koma siipatsira matenda, imangosiya bala lotuluka magazi kwa kanthawi. Pa boti kulibe.

Chinanso, uone njira ya ndege ya bambo. Ngati adzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kukhala pa bwalo la ndege maola opitirira 12, a ku Malaysia akhoza kufuna kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, chifukwa Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko a matendawa. Kwa munthu wopitirira zaka 60 katemera ameneyu amafunika dokotala aunike kaye, ndiye chapafupi n'kusankha tikiti yosadikiritsa nthawi yaitali.

Kamtengo anayankha:

Achemwali, ine ndinaphunzira za nkhalango, ndipo mawu a bambo akuti "nkhalango yeniyeni" ndi amene andichititsa kulemba. Sindikufuna akakhumudwe, komanso sindikufuna akabwerere ndi chithunzi cholakwika.

Kinabatangan ndi mtsinje wautali pafupifupi makilomita 560, wautali kuposa yonse mu Sabah. Koma nkhalango ya kumunsi kwake, kumene kuli malojiko, si ija ya m'mabuku yosakhudzidwa ndi nkhwangwa. Inadulidwa mitengo ya matabwa kwa zaka zambiri, kenaka malo ambiri anawasandutsa minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta. Mukadzachoka ku Sandakan, bambo akhale pa windo. Pafupifupi njira yonse adzaona mizere ya kanjedza, phiri ndi chigwa, ndi malole odzaza zipatso zake akupita ku fakitale. Chotsala ndi kachingwe ka nkhalango kotsatira mtsinje. Mu 2005 boma la Sabah linakhazikitsa malo otetezedwa a Kinabatangan, mahekitala pafupifupi 26,000, koma si chigawo chimodzi, ndi zidutswa khumi zosalumikizana bwino. Pena muli pa boti, mukayang'ana kuseri kwa mitengo ya m'mphepete, mumaona nsonga za kanjedza pomwepo. Pena kanjedzayo wafika mpaka pamadzi.

Ichi ndiye chifukwa chake nyama zimaoneka mosavuta kumeneko. Zapanikizika. Zilibe kwina kopita koma m'mbali mwa madzi, kumene boti limadutsa. Mlendo amasangalala kuti waona zambiri m'masiku ochepa, ndipo nanenso ndinasangalala, koma pamene ndinamvetsa chifukwa chake chimwemwecho chinasakanikira ndi chisoni. Njovu za ku Borneo, zazing'ono kuposa zathu, zatsala pafupifupi 1,000, ndipo mu 2024 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaziika pa mndandanda wa nyama zomwe zili pangozi yotha. Zikamayenda kutsata mtsinje zimakumana ndi mipanda ya magetsi ya m'minda. Orangutan wa ku Borneo anaikidwa pa gulu la zomwe zili pangozi yaikulu kwambiri mu 2016, ndipo wamkazi amabereka mwana mmodzi pakapita zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, ndiye akachepa sachulukanso msanga. Chipembere cha mtundu wa Sumatra chinatheratu mu Malaysia mu 2019, pamene chomaliza chinafera ku Sabah komweko.

Mukadzalowa m'timitsinje tating'ono mudzaona zingwe zomangidwa m'mwamba kuchoka tsidya lino kukafika tsidya lina. Orangutan sasambira. Kale ankawoloka podzera m'nthambi za mitengo ikuluikulu zimene zinkakumana pamwamba pa madzi. Mitengoyo itadulidwa, magulu anadukana, ndiye ogwira ntchito yoteteza nyama, monga a bungwe la HUTAN limene lili ku Sukau kuyambira 1998, anayamba kumanga milatho ya zingwe, ina ya mapaipi akale a ozimitsa moto. Mu 2017 boma linasiya mapulani omanga mlatho wa magalimoto ku Sukau anthu atadandaula, David Attenborough, Mngelezi wotchuka ndi mafilimu a zachilengedwe, ali m'gulu la odandaulawo, chifukwa msewuwo ukanadula njira ya njovu. Zonsezi mphunzitsi wa jogalafe adzazimva kukoma kuposa kungowerenga nyama zimene waona.

Pempho langa ndi la kumene ndalama yanu ikagwere. Eni mtsinjewu ndi anthu otchedwa Orang Sungai, asodzi kuyambira kale, ambiri ndi Asilamu. Maloji ena ndi a makampani a m'tauni, anthu a m'mudzi amangokhala ochapa ndi oyendetsa boti. Koma kumtunda, ku Batu Puteh, kuli kopaletivi ya anthu a m'midzi yotchedwa KOPEL, imene imalandira alendo, kubzala mitengo m'malo odulidwa ndi kuchotsa udzu wa m'madzi umene umatseka thamanda lawo la Tungog. Ku Sukau, Bilit ndi Abai kulinso mabanja olandira alendo m'nyumba zawo. Kwa bambo a bondo lovuta mwina kampu ya m'nkhalango siingawayenere, koma ngakhale mutasankha loji, funsani ngati otsogolera ndi a m'midzi yomweyo. Munthu wobadwira pa mtsinjewo amadziwa mkuyu uti ukupsa mwezi uno, ndipo adzawauza bambo mmene malowo analili iye ali mwana.

Nachisale wa ku Serdang anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndimayembekezera. Mayi a Tadala, za malungo a apusi ndi kadi yachikasu ndazilemba, ndipo tikiti ya bambo ndiyang'ananso usiku uno. A Mbewe, ndatsimikiza za mausiku awiri m'chipinda chotchipa.

Achimwene a Kamtengo, ndinawawerengera bambo pa foni zimene mwalemba. Anakhala chete pang'ono, kenaka anayamba kundifunsa za mathamanda otsalira mtsinje ukasintha njira, ngati tikalowemo ndi boti, ndiponso ngati kanjedzayo amamera bwino pa nthaka imene imamira chaka ndi chaka. Akuti zimenezo n'zimene akufuna akaone, nkhalango pamodzi ndi chimene chikuidya. Ndiye ulendo ulipo.

Mafunso awiri otsala. Mwambo wathu uli mu Novembala, kodi mvula siidzatilepheretsa? Ndipo ndaona ena akuphatikiza mapanga a Gomantong, kodi n'koyenera kwa iwo?

Mbewe wa ku Cyberjaya anayankha:

Novembala ndi chiyambi cha mvula yaikulu kumeneko. Madzi osefukira amakonda kubwera cha mu Disembala ndi Januwale, nthawi zina mpaka kumiza tinjira ndi kutseka misewu ya kumidzi. Ndiye mukangolandira digiri nyamukani, musachedwetse. Mutenge zovala za mvula zopepuka, chifukwa ambulera pa boti lothamanga sagwira ntchito ndipo amatchinga anzanu, ndi mapepala apulasitiki okulungira foni ndi mapasipoti. Zovala zochapa sizimauma, mutenge zokwanira. Ndalama ya ringgit ikhale m'thumba, mutape ku Sandakan, musadalire kadi kumtsinje. Nsima kulibe, ndi mpunga, nsomba, nkhuku ndi ndiwo zamasamba, ndipo mukapeza nkhanu zikuluzikulu za mumtsinje, za mtundu wa prawn, zimene asodzi amakola m'miono, bambo alaweko.

Thamanda mukalowamo. Nthawi zambiri limakhala pa boti la m'mawa, nkhungu isanachoke, mumadzera m'kangalande kopapatiza kofunika kuweramitsa mitu, kenaka kumatseguka madzi odekha. Muwauze otsogolera usiku wake kuti bambo akufuna kumeneko, chifukwa akamva kuti njovu zaoneka kwina amathamangira kumeneko. Pa nkhani ya njovuyi ndili ndi dandaulo limodzi. Tsiku limene zinatulukira m'mbali mwa madzi, oyendetsa maboti anaimbirana mafoni, ndipo posakhalitsa maboti anaunjikana, injini zikulira, ena akuyandikira mpaka njovu yaikazi inayamba kubisa mwana wake kumbuyo. Zimafuna kuwoloka koma njira inatsekeka. Wathu anazimitsa injini n'kuima patali, ndipo mlendo wina atamukakamiza kuti asendere anakana. Ameneyo ndi amene ndinamupatsa kangachepe ponyamuka. Inunso mukaona woyendetsa akusendera kwambiri, muli ndi ufulu womuuza kuti abwerere m'mbuyo, mwalipira ndinu.

Za Gomantong, ine ndingati bambo asalowe mkati. Phanga lalikulu lili ndi njira ya matabwa yozungulira, koma imakhala yonyowa ndi ndowe za mileme ndi timbalame, yoterera, ndipo pa chogwirira pamayenda mphemvu zosawerengeka, ndiye munthu wodalira kugwirira amavutika kwambiri. Fungo lake nalonso ndi lobaya m'mphuno. Chochititsa chidwi n'chakuti timbalame ta swiftlet timamanga zisa ndi malovu pamwamba pa phangalo, ndipo anthu okhala ndi chilolezo cha boma amakwera makwerero a zingwe kukazithyola pa nyengo zoikika, n'kuzigulitsa kwa ophika supu ya Chitchaina pa mtengo wokwera. Ngati malowo ali otsegula nthawi imeneyo, mufike chakumadzulo n'kuima panja poimika magalimoto. Mileme imatuluka mumzere wautali wosaduka, akabawi akuiwakha m'mwamba, ndipo bambo akhoza kuonera atakhala pa mpando.

Ndege yobwerera ku Kuala Lumpur mugule ya madzulo. Mukagula ya m'mawa, mudzataya boti lomaliza, ndiponso msewu wa ku Sukau umachedwetsa malole a kanjedza akachuluka.